Dzanja Lotsala Paphewa

M'zaka za m'ma 1990 ndinkayenda ndi kamera panjinga, kuchoka pa boma pa Lundazi kukajambula anthu m'midzi ya ku Mphamba. Filimu inali yodula, ndiye ndinali ndi kachizolowezi koipa. Akandiitana kukajambula za ziphaso, ndinkachotsa filimu ili pakati n'kuisunga m'chikwama, kuti ndidzaimalize tsiku lina. Chofunika chinali kulemba pachikutiro nambala yomwe ndalekezera, ndipo nthawi zina ulesi unkandigwira.

Tsiku lina m'chilimwe mayi wina amene ndinkamudziwa anandiimitsa pamsewu. Ndinachita kumuyang'ana kawiri, chifukwa anali ataonda zedi. Mwamuna wake anamwalira m'dzinja, iye n'kudwala mpaka kusiya kudya ndi kuyankhula. Apongozi ake anabwera kuchokera ku Chikomeni n'kutenga kamtsikana kake kokhako, ati mzimu wa malemu sunamusiye mayiyo, mwana sangakulire pakhomo lotero.

"Adada, munijambule," anatero. "Nifuna aone kuti nachila, anibwezele mwana wanga."

Anakana kujambulidwa pakhonde. Tinatsikira kudambo komwe moto unadutsa, msipu utangophuka paphulusa. Anavula nsapato n'kuima pamenepo, mphepo ikumukoka duku. Kunali zii, ngakhale mbalame osalira. Ndinamuuza kuti aseke, ndipo anasekadi, koma ine tsitsi linandiima osadziwa chifukwa chake.

Filimu ndinkaitumiza ku Chipata pa minibasi kuti akatsuke. Patatha masabata awiri ndinatsegula envulopu pa depoti pomwepo. Mayo ine! Mayi uja anali ataima pamsipu, akuseka bwinobwino, koma kumbuyo kwake kunali mwamuna wake, wotuwa ngati utsi, udzu ukuonekera pachifuwa pake. Dzanja lake, lovala wotchi, linali paphewa pa mkaziyo.

Ndinakhala pansi. Kenako ndinakumbukira kuti bamboyo ndinamujambula asanadwale, atagwira chishalo cha njinga yake, pafilimu yomweyo. Ndinaibwezera m'kamera osalumpha zojambula kale, zithunzi ziwiri n'kugwera pamodzi. Ndinadzitukwana mokweza mpaka amayi ogulitsa mtedza anatembenuka. Komabe mtima sunakhazikike, chifukwa njingayo sinkaoneka paliponse, ndipo dzanja linagwera ndendende paphewa.

Ndinapita kwa mayiyo nditakonza bodza loti filimu inapsa. Sanandilole n'komwe kulimaliza.

"Mwanama, adada. Maso yanu yathawa. Nipatseni."

Ndinamupatsa, ndikufotokoza za filimu ndi nambala zanga, koma sankandimva. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti agwa, matenda ayambirenso, mwana n'kukhaliratu ku Chikomeni chifukwa cha uchitsiru wanga. Ndinamupempha kuti titsikenso kudambo ndimujambule china.

"Nayembekezela kale masabata yawili," anatero. "Wopita ku Chikomeni anyamuka mawa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lezala. Anaika chithunzicho pampando, n'kuyamba kumudula mwamuna wake pang'onopang'ono, akumuyankhula chapansipansi ngati akunyengerera mwana kuti agone. Mutu unachoka, chifuwa chinachoka. Dzanja lokha linakanika, chifukwa kulidula kunali kudzidula phewa. Analisiya choncho, n'kukulunga chithunzicho papepala.

Ndinamuuza poyera kuti akulakwitsa, akuluakuluwo akaona dzanjalo mwana samubweza. Anangondiyang'ana n'kuthokoza kuti yewo, ine n'kukwera njinga yanga ndili ndi mkwiyo komanso mantha.

Patapita sabata ndinadutsanso pakhomopo, ndipo ndinapeza apongozi aakazi a mayi uja ataima kunja kwa mpanda, akukana kulowa. Kamtsikana kanali katathamangira kale m'manja mwa amake. Agogowo atandiona ndi kamera anandiloza.

"Ndimwe munajambula? Wochi ija nayiziwa. Tinamuika nayo m'manda." Anapukuta misozi ndi chitenje. "Mwana wanga wakana kuti tilande mkazi wake mwana. Ise ndise ndani?"

Mayi uja anandiyang'ana pamwamba pa mutu wa mwana wake. Za filimu ndinali nditamuuza zonse, ndipo ndinaona kuti anazimva ndithu tsiku lija.

"Ndine ndinajambula, amama," ndinatero. "Zomwe mwaonazo n'zomwe zinatuluka."