Bambo pansi pa mlambe

Chigubu cha bambo chinali chachitsulo, chopindika mbali imodzi, chotsekera chake chomangirira ndi waya kuti chisatayike. M'mawa uliwonse mayi ankathiramo maheu, bambo n'kuchikoleka paphewa, ulendo wa kumgodi. Ndikachikumbuka ndimamva fungo la malasha onyeka limene linkakuta komboni yathu ku Hwange, kumene masiku amenewo tinkangoti ku Wankie.

Mayi anali munthu wosadziwa kukhala pansi, ndipo mawu akuti ulesi sankachoka pakamwa pawo. Moto ukachedwa kuyaka, ati ndi waulesi. Nkhuku ikasiya kuikira, ulesi. Ine ndikasesa m'nyumba n'kusiya kuseri kwa chitseko, ankandikoka khutu: "Ulesi umenewu udzakwatiwa nawo kuti?" Sizinkapweteka, tinkaseka. Koma pakomboni panali mawu ena olemera, akuti lova. Mlesi ankangonyozedwa basi, pamene lova, munthu wojomba kuntchito, ankalandidwa nyumba, poti nyumba zonse zinali za kampani. Ngakhale ife ana tinkazidziwa zimenezo.

Chaka chimene mgodi unaphulika ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yozizira, ya milomo yong'aluka. Amalume, alongo awo a mayi, anatsika m'mawa umenewo osatulukanso, ndipo ngakhale mtembo wawo sitinauone. Bambo anapulumuka chifukwa anali a shifiti yamasana. Maliro atatha anawasamutsira kumgodi wina, ndipo zinkaoneka ngati moyo wabwerera mwakale. Ankanyamuka m'mamawa, madzulo n'kufika manja ali bii, mayi n'kuwaikira madzi osamba.

Tsiku lina mayi anandituma nkhuni kutchire la kuseri kwa njanji. Kumeneko ndinawapeza bambo atakhala pansi pa mlambe, jombo atavula, akungoyang'ana nyerere. Ndinabisala m'thengo. Huta ya kumgodi yowerukira ntchito italira, iwo anakhuthulira maheu onse pansi, anatola malasha ogwa m'sitima n'kuyamba kudzipaka m'manja, m'khosi, ngakhale kuseri kwa makutu. Ndinabwereranso mawa lake, ndi mkuja, ndipo zinali zomwezo.

Lamlungu aphunzitsi a Sande sukulu ankatiphunzitsa kuti ulesi ndi tchimo. Kenako anafunsa ngati wina akudziwa munthu waulesi. Ine ndinali mwana wokonda kukweza dzanja anzanga asanaganize n'komwe, khalidwe limene mpaka lero silinandichoke.

"Bambo anga," ndinatero mokweza. "Amakhala pansi pa mlambe tsiku lonse, n'kudzipaka malasha."

Ndinkayembekezera kuti andiyamikira. M'malo mwake aphunzitsi ananena chapansipansi, "Khala pansi, mwana iwe." Pofika kunyumba, nkhani inali itanditsogolera kale.

Mayi sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anakhala pakhonde, manja pamiyendo, mpaka dzuwa kupendeka. Mawu awo aja a tsiku ndi tsiku sanawatchule. M'mawa mwake anamanga chitenje n'kuwaperekeza bambo okha mpaka pageti la mgodi, ine ndikuwatsata chapatali. Amuna ankatipitirira, zipewa zawo zolimba zili kumutu, wina n'kukuwa m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, kuwauza kuti ayende: "Hamba, madala!" Bambo anafika pafupi ndi geti n'kuima. Kunkazizira mpaka mano kugundana, koma iwo thukuta linali kamukamu.

"Bambo a mwana, lowani," mayi ankachonderera. "Mukufuna tikagone kuti?"

Bambo sanasunthe. Anayesa choncho masiku atatu, ndipo tsiku lililonse ankabwerera onse awiri, mayi patsogolo, bambo pambuyo.

Lero ndikudziwa kuti si pakamwa panga pamene panatichotsa m'nyumba muja. Akuluakulu a kumgodi ankadziwa kalekale amene watsika ndi amene sanatsike. Koma kudziwa zimenezo sikunandipepuze mtima ngakhale pang'ono, chifukwa amene anawavula bambo pamaso pa anthu ndine. Ndipo dzina la matenda awo panalibe amene ankalidziwa, kaya kuchipatala, kaya kutchalitchi. Dzina limene linalipo ndi lomwe lija la pakomboni, choncho anthu anawapatsa lomwelo. Anzanga pampope wa madzi anayamba kundiitana kuti mwana wa lova.

Apolisi a pakomboni anabwera ndi kalata, ndipo anatipatsa mpaka Loweruka kuti tituluke m'nyumbamo. Mkulu wina wa mpingo anatilola kukhala kukhitchini kwake podikira sitima yobwerera kumudzi kwathu. Katundu yense bambo anasenza okha: bedi pamutu, tebulo, thumba la ufa, maulendo ambirimbiri, osalola munthu kuwathandiza. Mayi anatuluka pomaliza, atakolopa nyumba ya eni ake mpaka kuwala.

Atatula katundu womaliza, bambo anakhala pamwala akupumira m'mwamba. Ndinawayandikira, mtima uli m'malo awiri, manyazi ndi mkwiyo.

"Bambo, bwanji simungolowa? Anzanu onse akulowa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya.

"Ine ndimafuna, mwanangu. Miyendo ndi imene imakana."

Ndinagwada n'kupinda buluku lawo mpaka m'mawondo, iwo osandiletsa. Ndinayang'ana mwendo wakumanja, kenako wakumanzere, ndinagwira akakolo, ndinasuzumira ngakhale pakati pa zala. Panalibe bala, panalibe chotupa. Ndinadzuka n'kuwauza kuti miyendo yawo ili bwinobwino.