Wyson ndi Dzina la Apongozi mu Kompyuta

Wyson anabadwira ku Simlemba m'banja la matenanti, ndipo anakula manja ali akuda ndi utomoni wa fodya. Mayeso a Fomu 4 anakhoza mokwawa, koma ulemu ndiye anali nawo wosefukira. Munthuyu ankavula chipewa ngakhale polankhula pa foni. Atakwatira Feliya wa ku Wimbe anakakhala chikamwini, ndipo kumeneko ulemu wake unafika pomvetsa chisoni. Mwambo uja woti mkamwini asaonane maso ndi maso ndi amayi a mkazi wake, anzake ankaukumbukira mwa apo ndi apo, koma iye ankausunga tsiku ndi tsiku. Akangoona chitenje cha apongozi ake, a Fainala, chikutulukira panjira, ankalumphira m'tchire ngakhale atasenza mtolo wa fodya. Nawonso mayiwo ankathawira mbali inayo. Zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho, moti chimene Wyson ankachidziwa pa apongozi akewo chinali mawu ndi zidendene basi.

Zaka za makuponi zitafika, ofesi ya zaulimi ya m'deralo inalandira kompyuta imodzi, ndipo panafunika kalaliki. Anatenga Wyson, akuti chifukwa mwa onse ofunsira ntchito ndi iye yekha amene anapukuta m'manja asanaigwire.

Mayina a olandira feteleza wotsika mtengo anali m'menemo, osanjidwa ngati nthambi za mtengo: pamwamba dera lonse, pansi pake midzi, pansi pa mudzi mitu ya mabanja, pansi pa mutu wa banja mkazi ndi ana. Pambali pa mudzi uliwonse panali kamtanda. Ukayendetsa mausi mpaka kamuvi ka pa galasi kafike pa kamtandako n'kudina, mudzi unkatseguka, anthu n'kukhuthukira pansi. Ukadina pa dzina lenilenilo, mzere wonse unkasanduka wabuluu, kenako unkadina batani lakuti munthuyo alipo ndipo akulima. Makuponi ankapita kwa mutu wa banja wokhawo, ndipo amene mzere wake sunasanduke wabuluu feteleza ankangomuona pangolo za anzake.

Ntchitoyi Wyson ankaigwira bwino, kungoti inkachedwa, chifukwa pa dzina la munthu wamkulu aliyense ankayamba wanena kuti, "Pepanitu wawa," asanadine.

Tsoka linabwera chaka chimene apongozi ake aamuna anamwalira. Kale dzina la a Fainala linkabisala pansi pa la amuna awo, ndipo Wyson nthambi imeneyo sankaitsegula n'komwe. Tsopano anangotsegula mudzi, n'kuona dzinalo litaima palokha pakati pa mzere, kamuvi kake kakulunjika pomwepo. Anakokera mausi kumbali, n'kutsitsa kamuviko m'mphepete mwa galasi mopanda malemba, kulambalala apongozi. Mudzi wonse anautsimikiza kupatula iwo okha. Ndiye Lachisanu bwana wa kuboma ankabwera ndi fulashi, kachipangizo kokoperamo za m'kompyuta, kudzatenga mayina.

"Bambo a Pempho, amayi mwawadina?" anafunsa Feliya Lolemba, akusankha fodya m'chigafa.

"Mayi a Pempho, amayi ndiwadine bwanji? Ndi chala changachi?"

"Limenelo ndi dzina chabe."

"Dzina limenelo chikwatire ine sindinalitchulepo. Ndiye lero ndikalipondereze?"

Feliya anaika fodya pansi. "Chaka chino amayi ali okha. Munda uja popanda feteleza chimanga chimathera m'mawondo. Muganize bwino."

Wyson anaganizadi, mpaka mutu unauma. Anayesa kudina atatsinzina, koma dzanja linaterereka, n'kutsimikiza kuti malemu ena amene anaikidwa chaka chatha alipo ndipo akulima. M'mawa wonse unathera kuwabwezera kumanda malemuwo.

Apa m'pamene anakumbukira a Samsoni, alonda a paofesipo. Akuluwa anagwira zaka makumi awiri pa jeke yodindira mabelo a fodya, ndipo dzanja lawo silinkadziwa zoti chinthu umadina n'kusiya. Wyson anawakhazika pampando, anawaonetsa dzinalo ndi chigongono, iye n'kutembenukira kukhomo.

"Mungodina kamodzi, madala."

A Samsoni anadina, n'kukanikiza ndithu kuti zigwire. Poona kuti kanthuko kakuterera pathebulo, anakakokera kwa iwo kuti kasathawe. Kenako fodya wa m'mphuno anawatokosa, anayetsemula, chala n'kuchoka.

"Zatheka, bwana," anatero.

Wyson sanayang'ane, poti kuyang'anako n'kumene ankathawa. Anasindikiza mayina n'kukamata pakhoma la panja Lachitatu, kuti anthu adzione okha.

Anthu anadzionadi, koma a Fainala m'mudzi mwawo munalibe. Anapezeka midzi isanu ndi umodzi kumunsi, pansi pa dzina la a Yakub a golosale ya pamsika, atagundizana ndi mayi Asiya, akazi awo a Yakubwo. Kompyuta imeneyi ukagwira dzina osasiya n'kulikoka, imalisamutsa n'kulisiya pomwe chala chachokera. Mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wa kwaya ya amayi kutchalitchi, anali atakwatiwa mitala popanda ankhoswe, ndipo makuponi ake anapita ndi ukwatiwo.

Msika wonse unaseka mpaka nthiti kuwawa. A Yakub, munthu wanthabwala, anatumiza paketi ya shuga kwa mkazi wawo watsopano. Mayi Asiya ndiye sanaseke. Anabwera paofesi kudzafunsa amene wawapezera mnzawo, ndipo a Samsoni atamva mawu awo analumbira kuti mausi sadzaigwiranso mpaka imfa.

Njira yokonzera inali imodzi, Wyson ankaidziwa, ndipo inali yoipa kuposa yoyamba ija. Poyamba kunali kungokhudza. Tsopano anayenera kuwagwira apongozi, osawasiya, n'kuwakoka kudutsa midzi isanu ndi umodzi.

Lachinayi masana ali duu pampando, anamva zidendene zija pakhonde. Muofesi munalibe tchire, ndipo pazenera panali zitsulo. A Fainala analowa n'kukhala pabenchi kumbuyo kwake. Wyson anauma gwa, maso pa kompyuta.

"Khoma iwe," anatero mayiwo, atayang'ana kumbali, "uwauze bambo a Pempho kuti shuga ndamwa, koma ukwati ndakana. Andibwezere kwathu."

Wyson naye anayankhira kukhoma. "Khoma, uwauze amayi kuti pepani. Kuti abwerere ndiyenera kuwagwira n'kuwakoka."

"Andikoke. Mizere ndaunga ndekha, mvula ili pafupi."

Dzanja la Wyson linapita pa mausi, n'kubwerera pabondo. Linapitanso, n'kubwereranso. Kompyuta itaona kuti palibe akuigwira inachita zomwe imachita pakapita mphindi zisanu: inazimitsa galasi. Galasilo litada, munaoneka nkhope ziwiri.

Wyson analibe kothawira. M'mutu mwake apongozi ake anali mayi wojintcha uja amene anamuona patali chaka cha ukwati, atasenza thumba la chimanga. M'galasimo munali nkhalamba yowonda, masaya atalowa, mitsempha ya m'khosi ili poyera, fumbi la panjira lili m'nsidze. Mayiyu anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi, dzuwa lili pamutu. Anakalamba, anaferedwa, anawonda, zonsezo pakhomo limodzi ndi iye, iye ali kalikiliki kulumphira m'tchire. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anachita manyazi amene anali asanawamvepo.

A Fainala nawonso sanachotse maso. Anasuzumira m'galasimo, n'kupukusa mutu.

"Kodi imvi zimenezi zinabwera liti, bambo a Pempho? Inetu ndimayesa mukadali kamnyamata."

Wyson anafuna kuseka, koma inatuluka misozi. Anagwira mausi, galasi linayaka. Anatsegula banja la a Yakub, anaika kamuvi pa dzina la apongozi ake n'kudina, ndipo chala sanachotse. Anawakweza pang'onopang'ono, mudzi woyamba, wachiwiri, wachitatu, mmene umayendera ndi munthu wamkulu. Atafika pamudzi wawo anasiya. Dzina linakhala pamalo pake. Anadinanso, mzere unasanduka wabuluu, n'kutsimikiza kuti a Fainala alipo ndipo akulima.

"Mwafika, amayi," anatero.

A Fainala anadzuka movutikira, atagwira bondo. Ulendo uno sanalankhulenso ndi khoma.

"Ngati njinga yanu ili ndi keliyala, mundikweze. Miyendo yanga yatha."