Anakwera Ndege Tsitsi Lisanaume

Mlongo wanga wamwamuna anaphunzira kusambira ali wamkulu kale, muno mu Glasgow. Kwathu ku Ntchisi madzi amene tinkawadziwa anali a kamtsinje kochapirako, ndipo m'chilimwe ankalekeza m'mawondo. Ine ndine woyamba kubadwa, ndinenso ndinayamba kubwera kuno kudzagwira ntchito m'nyumba yosamalirako okalamba. Iye ananditsatira atamaliza maphunziro a unamwino. Tinkakhala limodzi m'fulati ku Govanhill, pamwamba penipeni pa nyumba yakale yamiyala, yopanda chikepe, masitepe okhaokha.

Ankagwira ntchito m'wodi ya odwala mwakayakaya. M'nthawi ya mliri uja anatseka maso a anthu ambiri, ndipo mliri utatha iye sanabwerere mwakale. Ankafika kunyumba n'kukhala pampando jekete ali chivalire. Foni ikalira ankadzidzimuka. Tsiku lina anandiuza kuti kulira kwa makina a m'wodi amakumvabe ngakhale ali m'basi.

Mnzake wa kuntchito ndiye anamutengera kudziwe losambiriramo. Atadziwa kusambira analowa kalabu ya anthu odayiva, aja amatsika pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya. Loweruka lopanda shifiti ankapita nawo kunyanja zozizira za kumpoto kwa mzinda, n'kubwerako milomo itatuwa, zala zitafota ngati za nkhalamba. Chovala chake cha mphira ankachiyanika m'bafa, ndipo nyumba yonse inkanunkha ndere.

"Iwe, ukufunako chiyani kumeneko?" ndinamufunsa tsiku lina. "Bola ukanamabwerako ndi nsomba."

"Achemwali, pansi paja palibe chimene chimalira. Umangomva kupuma kwako."

Sindinamutsutsenso. Anali atayambiranso kudya, ndipo nthawi zina ndinkamumva akuimba m'khitchini.

Chaka chachitatu anandiuza kuti akupita kuchilumba china cha m'nyanja yaikulu ya kum'mawa kwa Africa, kumene madzi ndi ofunda komanso oyera moti munthu amaona mchenga wa pansi ali m'boti. Anzake a kukalabu sanapeze tchuthi nthawi imodzi ndi iye, choncho anaganiza zopita yekha. Malangizo anachuluka. Azimayi a kumpingo anati asamale nsomba zodya anthu. Abusa anamupempherera. Ine ndinamuikira mankhwala a malungo m'chikwama. Mphunzitsi wake wa kukalabu, mayi wa imvi wolankhula mwachidule, anamuimbira foni ndili pompo ndikusita yunifolomu. Ndinamva akumuuza kuti tsiku lomaliza asalowe m'madzi. Mlongo wanga anaseka n'kuyankha kuti zimenezo akuzidziwa kale.

Masiku oyamba ankanditumizira zithunzi. Kamba wam'madzi wamkulu ngati beseni. Iye atavala magalasi, akumwetulira mano onse panja. Kenako mphepo inayamba ndipo maboti anaima. Anandilembera kuti wangokhala pakhonde akuyang'ana mafunde, tchuthi chikutha.

Zimene zinachitika tsiku lomaliza anadzandiuza pambuyo pake. Kunacha bata. Mwini boti anabwera kudzaitana anthu, ndipo mlongo wanga anati sangawoloke dziko lonse lapansi kudzangokhala pakhonde. Ndege yake inali ya madzulo a tsiku lomwelo. Anamuphatikiza ndi mlendo wina wa kamera amene anali asanamuonepo, kuti atsikire limodzi. Munthuyo ankangothamangira nsomba, kutsikirabe pansi, ndipo mlongo wanga ankamutsatira poopa kumutaya. Atayang'ana geji anapeza mpweya watsala pang'ono, ndiye anakwera mofulumira kuposa mmene anaphunzirira. M'botimo sanauze aliyense. Anasamba, analongedza, n'kupita kubwalo la ndege tsitsi lisanaume.

Ndinakamuchingamira. Anatuluka akuyenda ngati akuponda matiresi, mapazi akuwanyamula kwambiri. Ndinamufunsa ngati wamwa mowa.

"Ndi dzanzi chabe. Ndakhala pansi nthawi yaitali."

Masitepe akwathu anawakwera atagwira chitsulo ndi manja awiri, ine nditanyamula zikwama zonse. Chakudya anachikana. Anati akagona aona bwino, poti mkuja akulowa ntchito.

M'mawa mwake ndinamva akundiitana ndi mawu otsika.

"Achemwali, tabwerani. Musathamange."

Anali chigonere chagada, akuyang'ana kudenga. Anandiuza ngati akupereka lipoti la wodwala wina kuti mwendo wakumanja sukuyenda, wakumanzere ukuyenda pang'ono, ndipo mkodzo sukutuluka chifikireni. Anandiuza mawu oti ndinene kwa a ambulansi, n'kunditsindikira kuti ndisaiwale kunena kuti anadayiva kenako n'kukwera ndege. Anyamata a ambulansi anamumangirira pampando n'kumutsitsa sitepe imodziimodzi. Mayi wa fulati ya pansi pathu, amene sitinkamvana naye chilankhulo, anagwira chitseko cha kubwalo mpaka tinatuluka.

Kuchipatala sanachedwe naye. Anamutumiza kumpoto, kumene kuli chipinda chachitsulo chonga thanki, chimene amaikamo anthu ovulala motere. Dokotala wa kumeneko anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Anati munthu akakhala pansi pa madzi, mpweya wina umalowerera m'magazi, ndipo umafunika kutuluka pang'onopang'ono. Akakwera mofulumira umachita thovu, monga chakumwa cha m'botolo ukachikhutchumula n'kutsegula. Ndege imawonjezera thovulo. Kwa mlongo wanga tithovu tinakatseka mitsempha ya mumsana. Ndinafunsa ngati adzayendenso. Anati achita zonse zimene angathe, koma nthawi imene inadutsa sangaibweze.

Ndinkamuona kudzera pakawindo kozungulira. Anagona m'thankimo maola ambiri, chigoba cha okosijeni chili kumaso. Tsiku lotsatira anamulowetsanso, ndi linanso. Mwendo wakumanzere unabwerera. Wakumanja unabwerera theka, umakhwekhwereza. Chikhodzodzo sichinabwerere, mpaka lero ali ndi kachubu.

Atatuluka m'chipatala tinabwerera ku Govanhill, poti kunalibe kwina kopita. Masitepe ankawakwera chokhala, chafutambuyo, akudzikankha ndi manja, ine ndili m'munsi ndi ndodo zake. Akafika pamwamba malaya anali atanyowa. Choncho anasiya kutuluka. M'nyengo yozizira ya kuno kumada anthu asanaweruke, ndipo iye ankakhala pawindo osayatsa getsi.

Osamalira odwala ankabwera masiku ena, koma masiku ambiri ndinali ine. Kuntchito ndimasambitsa agogo achizungu tsiku ndi tsiku, thupi la munthu silindichititsa manyazi. Koma kwathu mkazi saona thupi la mlongo wake. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo la bafa ndi thaulo, osadziwa poyambira.

"Ingochitani ngati muli kuntchito," anatero.

Ndinachita choncho. Iye anayang'ana khoma, ine ndinayang'ana madzi. Sitinalankhulepo za zimenezi, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Anthu a kumpingo anabwera kudzazonda, ena ndi zakudya, ena ndi nyimbo. Ambiri anali ndi mtima wabwino. Koma mawu amayenda. Ndinamva kuti ena akuti anazifuna dala, munthu wakuda alibe nazo ntchito zamasewera a azungu. Bambo wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati kumudzi kulibe amene tinayambana naye. Mlongo wanga anazimva zonsezi ngakhale sindinamuuze, ndipo anandipempha kuti wina akagogoda ndizinena kuti wagona.

Patadutsa chaka, mayi wina wa kumpingo anandiimbira. Mwana wake wamkazi, wobadwira kuno, anali atangomaliza maphunziro a zamankhwala, ndipo ankafuna kupita yekha kuchilumba china kukadayiva. Mayiyo anali atalankhula mpaka kutopa.

"Mundilole ndibwere naye adzawaone achimwene anuwo. Akawaona mmene alili asintha maganizo."

Ndinakwiya, poti mlongo wanga si chinthu choopsezera ana. Koma nditamuuza, iye anati abwere.

Anabwera Lamlungu masana potuluka m'tchalitchi. Mtsikanayo anali wamtali, wamanyazi, ndipo Chichewa ankachimva koma ankayankha m'Chingerezi cha kuno chija chomeza mawu. Anakhala kumapeto kwa sofa, maso ali pa ndodo zimene zinatsamira khoma. Mayi ake anayamba ndi pemphero lalitali lotchula ana osamvera.

Mlongo wanga anadikira ameni, kenako anamufunsa mtsikanayo kuti wadayivapo kangati, kuti, ndipo ndi ndani. Anamvetsera mayankho onse.

"Chabwino. Ukafika, usakwere boti tsiku lomwelo. Pita kaye ukawaone eni botiwo. Uwauze akuonetse botolo la okosijeni la m'boti, ulione ndi maso ako. Uwafunsenso kuti thanki ngati imene anandiikamo ine ili kuti. Kumene ndinapita ine kunalibe, ndipo sindinafunse."

"Nanga akakhumudwa, ankolo?"

"Akakhumudwa upite kwa ena. Inshulansi yako uiwerenge, zambiri sizikhudza za pansi pa madzi. Ndipo munthu amene akupatse kuti utsike naye, ucheze naye musanafike pamadzi. Umufunse kuti anadayiva liti komaliza. Mugwirizane polekezera. Akapitirira pamenepo, iwe usamutsatire, uuze wotsogolera. Mtima ukakana, ukhale m'boti. Palibe amene adzakumenye chifukwa chokhala m'boti."

Mayi aja anayamba kusuntha pampando. "Achimwene, ine ndimayesa mumuuza kuti asapite."

"Mayi, mwanayu ndi wamkulu. Ndikamuletsa apitabe, koma apita osadziwa kanthu."

Anatembenukiranso kwa mtsikanayo. Anamuuza kuti azimwa madzi ambiri, mowa ausiye, ndipo m'mawa uliwonse azilembera mayi ake dzina la boti ndi nthawi yobwerera. Anamuuza kuti tsiku lathunthu lomaliza likhale louma, osalowa m'madzi, kaya mphepo inamudyera masiku angati, kaya nyanja yachita bata lotani.

"Zimenezo anatiphunzitsa," anatero mtsikanayo.

"Inenso anandiphunzitsa. Ndinakhoza mayeso ake."

Kenako mlongo wanga anapitiriza.

"Choopsa cha kupita wekha si pansi pa madzi ayi. Pansi paja pali anthu. Choopsa chili kumtunda. Ine ndinatuluka m'boti ndikuyenda mopotoka, koma panalibe amene ankadziwa mmene ndimayendera masiku onse. Achemwaliwa atangondiona anadziwa kuti china chalakwika, koma apo n'kuti ndege itandimaliza kale. Ndiye iwe ukamva dzanzi, kaya kuphwanya m'mfundo, kaya kutopa kosadziwika bwino, unene pompo, mokweza, kwa aliyense amene ali pafupi. Usadziyeze wekha. Ife a zachipatala ndiye timadzinamiza bwino kuposa aliyense."

Kenako anawerama n'kukweza mwendo wa thalauza mpaka m'bondo. Thumba la mkodzo linali lomangidwa pakatumba, litadzaza theka. Chiyambireni anali asanaonetsepo mlendo aliyense. Mayi aja anayang'ana kumbali. Mtsikanayo anayang'ana thumbalo, kenako anayang'ana iye kumaso.

"Za mwendo aliyense amaziona," anatero mlongo wanga. "Izi ndi zimene sakuuza."

Anatsitsa thalauza n'kundipempha kuti ndiwathirire alendo tiyi. Palibe amene anamaliza kapu yake. Potsika masitepe ndinamva mayi ndi mwana akukangana, wina m'Chichewa wina m'Chingerezi.

Mtsikanayo anapitadi kuchilumba kuja. Anabwerako bwinobwino, atada ndi dzuwa, ndipo anabwera yekha kudzathokoza ndi paketi ya zonunkhiritsa ndiwo. Mlongo wanga anamulandira bwino, koma zithunzi anakana kuziona. Mayi ake sanandipatse moni kwa miyezi ingapo.

Pano tinasamukira ku Sighthill, m'nyumba zatsopano zija, ya pansi yopanda sitepe. Mlongo wanga sanabwererenso m'wodi. Amagwira ntchito ya pafoni, kulangiza odwala ali pakhomo, mahedifoni ali kumutu kuyambira m'mawa. Amayenda ndi ndodo imodzi akakhala m'nyumba, ziwiri akatuluka. Madokotala anasiya kunena kuti tidikire tione.

Amayi athu ali moyo ku Ntchisi, ndipo sakudziwa. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho tinagwirizana ndi achibale kuti tiwauze zinthu zikakhala bwino. Timawaimbira pa vidiyo Lamlungu, mdzukulu wawo atawagwirira foni. Mlongo wanga amakhala patebulo, ndodo zili pansi, n'kumawaseketsa ndi nkhani za nyengo ya kuno. Mwezi watha amayi anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti nkhope yanenepa.

"Taimirira ndikuone thupi lonse, mwana wanga."

"Foni ili pa chaji, amayi. Ndikaimirira izima."

"Nanga ubwera liti? Mnzako uja anamanga nyumba ya malata, akukufunsa."

"Posachedwa, amayi."

Titadula foni mlongo wanga anaika manja patebulo. Kenako anati Lamlungu likubwerali tiwauze, ndipo ayambe ndi iyeyo kulankhula. Ndinavomera. Lamlungulo linafika, tinakamba za mvula ndi za mbewu ya chimanga, n'kutsanzikana.