Madala Ogwedeza Matayala

Madala a garaja ya kuseri alibe kompyuta. Amayenda ndi kasanza paphewa, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Galimotoyo mwaigwira, kapena mwangoiyang'ana?" Mkamwini wawo, makaniko wa masatifiketi wa garaja ya kutsogolo, funso limeneli limamubaya.

Mwezi watha mkamwiniyo anatuluka thukuta ndi galimoto ya mlimi wina, yoyenda m'misewu yokumbika. Sensa yoyeza liwiro la tayala lakutsogolo inkangofa, nyali yochenjeza n'kumayaka. Anaisintha katatu, mpaka mlimi anaopseza kuti apita kwina.

Madalawo podutsa anagwada n'kugwedeza tayalalo. Linachita gwedegwede.

"Bering'i yatha, bambo. Tayala likamavina m'maenjemo limadya sensa. Mukungophetsa zosalakwa."

Mkamwini atasintha bering'iyo, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo, nyali yochenjeza ija inazima, osayakanso. Mlimi anagwira dzanja la madala ndi manja awiri, mkamwini ali chiimire ndi sipanala, mtima ukutentha. Zaka zitatu zakukoleji zija!

Kunyumba mkazi wake anati, "Ndamva kuti bambo akupulumutsani."

"Angochita mwayi," anayankha osadzutsa mutu.

Masiku ano tayala lililonse amaligwedeza, koma amayamba wasuzumira kaye kuseri, kuopa apongozi angamuone.