Sitampu Yopanda Mano pa Chitseko cha Kabati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikusankha nyemba pa tebulo la akulu anga, ba Dailesi, mumsika wa Mtendere. Sukulu ndinali nditamaliza kalekale, satifiketi ili m'sutikesi kudikira njenjete. Zinali zaka zija zimene kwacha inkatha mphamvu uli nayo m'manja, ndipo ukaona anthu ali pamzere unkayamba waimapo kaye, zofunsa chimene chabwera pambuyo. Tsiku limenelo bambo ena a jekete yakuda anaima nthawi yaitali osagula kanthu, maso ali pa zala zanga pamene ndinkachotsa timiyala ndi nyemba zofumbwa. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa ngati kunyumba kwawo kulibe nyemba zoti aziyang'ana.

"Mwaice, manja yako yamatuluka thukuta?" anandifunsa, kunditchula kuti mwana m'Chibemba.

Ndinawatambasulira zikhatho. Anaziyang'ana, nagwedeza mutu.

"Ubwere ku Kamwala pa Mande. Usadzole mafuta."

Amenewo anali ba Chileshe, Mbemba wa ku Migodi amene anakalambira kusankha makalata ku positi ofesi mpaka tsiku limene anauzidwa kuti akapume. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu, ndipo malonda awo anali masitampu ogwira kale ntchito. Ankagula maenvulopu akale kwa amesenjala ndi osesa m'maofesi, masaka athunthu, kenaka masitampuwo nkumawatumiza kwa azungu akunja amene amasunga zinthu zotere m'mabuku. Nditamva koyamba ndinaseka. Ife tikusowa sopo, wina kutsidya kwa nyanja akusowa tulo chifukwa cha kapepala konyambitidwa kale ndi munthu wina.

Koma ntchitoyo ndinaikonda, sindinama. Umadula envulopu ndi sizasi kusiya malire a chala chimodzi kuzungulira sitampu. Zidutswa za maenvulopu ofiira ndi obiriwira umaziika padera chifukwa zimasuluka nkudetsa zinzake. Zotsalazo umaviika m'beseni la madzi ozizira, osati ofunda, nkudikira mpaka sitampu itadzilekanitsa yokha ndi pepala. Kuikoka ndi mlandu. Ikayandama umaitola ndi kachitsulo kopanira, kosalala kunsonga, nkuitsukuluza m'beseni lachiwiri kuti ulimbo wonse uchoke, kenaka nkuigoneka chafufumimba pa pepala lomwa madzi. Ikauma imapita pakati pa masamba a buku la manambala a foni, njerwa ziwiri pamwamba, mpaka mawa lake.

Patebulo panali mbale ziwiri, ya abwino ndi ya otaya. Ba Chileshe anandipatsa malamulo awiri ndipo ndinawaloweza ngati katekisimu. Sitampu yopanda mano, timano tija ta m'mbali, ndi yolumala, wina anaidula ndi sizasi. Yopanda dzina la dziko si sitampu, ndi kapepala ka msonkho, kupatula ya mutu wa mfumu kapena mfumukazi ya ku Mangalande. Masitampu otaya anandilola kumapita nawo kunyumba. Ndinayamba kuwamata pa chitseko cha kabati yathu ya mbale, chimene chinali chitasupuka penti, ndipo m'miyezi itatu chinakongola moti azimayi a pamzere pathu ankabwera kudzapempha mchere kuti angochiona.

Kenaka kunabwera ba Lungu, mdala wa ku Kalingalinga, wamfupi, wa nsapato zopukuta bwino. Anakhala akuphikira mayi wina wa ku Norway zaka zambiri. Pobwerera kwawo mayiyo anawasiyira masitampu a malemu bambo ake, akuti ndalama za kuno zimasungunuka koma awa sasungunuka. Mvula itadontha m'nyumba, timaenvulopu timene anabweramo tinanyowa, ndiye mdalayo anakhuthula onse, kuyanika, nkuwasakaniza m'chitini cha mabisiketi, chimene anabwera nacho kuti timusanjire nkumugulitsira. Sabata imeneyo ba Chileshe anali ndi chimfine, choncho chitinicho anandipatsa ine. Otayawo ba Lungu anati alibe nawo ntchito.

Ndinaphunzira kuti Norway kwawo amalemba NORGE. Ambiri anali ndi chithunzi cha lipenga lopindika, chisoti chaufumu pamwamba. Pansi pa chitinicho panali kamodzi kabuluu, kothimbirira, ka mkango woimirira utagwira nkhwangwa. Mano kanalibe ndi limodzi lomwe. NORGE panalibe. Sindinazengereze nkomwe, malamulo onse awiri anali ataitsutsa. Ndinaiponya m'mbale ya otaya, ndipo madzulo ake ndinaimata pakati penipeni pa chitseko chifukwa mkangowo unandisangalatsa.

Patapita masabata atatu, Lachisanu m'mawa, ba Lungu anabweranso ndi kalata imene anaipeza m'Baibulo lawo. Mayi uja anailemba ponyamuka. Ba Chileshe anaiwerenga kawiri, natsitsa buku lalikulu la masitampu a dziko lonse lapansi, lija ndinkaletsedwa kuligwira ndi manja onyowa. Kalatayo inkati mwa onsewo muli imodzi yoposa anzake onse kuwaphatikiza, yoyamba yeniyeni imene dziko la Norway linasindikiza, makina oboola mano asanafike kumeneko. Abwana anakhuthula maenvulopu onse amene ndinasanja, nayang'ana sitampu iliyonse ndi galasi lokulitsa. Sanaipeze.

Ba Lungu anaika chipewa pabondo. Kenaka analankhula motsitsa mawu.

"Lekani, ba Chileshe. Kapena ananinama chabe. Wanchito ni wanchito, olo umuphikire zaka zingati."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinali nditasuzumira kale m'bukumo ndipo mkango uja ndinauzindikira, nkhwangwa yake yomweyo. Ndikanatha kukhala duu, palibe akanadziwa, ntchito yanga nkukhala bwinobwino. Koma mdalayo akanapita kwawo akukhulupirira kuti munthu amene iye anamuphikira zaka zonsezo anamupusitsa ndi chitini cha zinyalala. Ndinachita mantha, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Ba Chileshe, ili kunyumba. Ninaimata pa kabati."

"Wati chani?"

"Inalibe mano, inalibe dzina. Ninaika mu votaya."

Sanakalipe. Anavula magalasi, nawavalanso. Ndiye ndinawauza choipa chachiwiri. M'mawa womwewo ba Dailesi anali atapeza theka la chitini cha vanishi kwa kalipentala wa kuseri kwathu, ndipo anati lero lomwe apaka chitsekocho kuti masitampu asamadyedwe ndi mphemvu. Vanishi akalowa m'pepala, basi, yatha. Ba Chileshe anaponya chopanira, galasi ndi mapepala omwa madzi m'thumba la jekete, natseka chipinda osazimitsa ndi wailesi yomwe.

Minibasi ya ku Mtendere tsiku limenelo inkaima paliponse pamene munthu wakanda mutu. Ine ndinakhala pakati pa madala awiri, thumba la makala la mayi wina lili pamapazi panga, ndikupemphera kuti akulu anga agwidwe ndi ulesi kamodzi kokha m'moyo wawo. Ba Dailesi ndi munthu woti akanena kuti achapa makatani, dzuwa lisanakwere makatani ali pachingwe.

Titatsika, azimayi a pamzere pathu anaona mtsikana wosakwatiwa akubwera masana ndi akuluakulu awiri a majekete, wina atanyamula chipewa m'manja mwaulemu. Anangoganiza chimodzi, kuti abwera kudzafunsira mbeta. Wina anayamba kale kumanganso chitenje bwino. Ine ndinalibe nthawi yowayankha. Nditatsegula loko, ndinapeza chitini cha vanishi chili pamwamba pa kabati, burashi pambali pake, chosatsegula. Mayi woyandikana nafe anati kunamveka kuti shuga wafika ku sitolo, ndiye ba Dailesi anasiya zonse nkuthamangira pamzere. Mizere imeneyo ndinaitukwana zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinaidalitsa.

Ba Chileshe anagwada patsogolo pa kabati ndi galasi lawo. Mkango unalipo, ngodya yake imodzi itaphimbidwa ndi sitampu ya mbalame ya ku Botswana.

"Unamata na chani? Usaniuze kuti guluu wa nsapato."

"Phala la fulawa. Guluu kulibe mu mashopu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Fulawa na manzi. Awe, Lesa ni wamkulu. Leta mpeni."

Tinamasula mahinjesi ndi mpeni wa tomato, nkugoneka chitsekocho pa mphasa pamthunzi wa mupapaya, chifukwa m'nyumba munali mdima. Pampopi panalibe dontho, ndiye ndinatunga m'diramu nkusefa madziwo kawiri ndi nsalu yoyera. Abwana anadula pepala lomwa madzi kukula kwa bokosi la machesi, analinyowetsa, naliika pamwamba pa masitampu awiriwo, kenaka mbale yagalasi pamwamba kuti chinyezi chisathawe. Ndiye kudikira. Pepala likayamba kuuma, ankadonthezapo madzi ndi nsonga ya supuni. Ba Lungu anagwada tsidya linalo, thalauzi lawo lositidwa lili m'fumbi. Zala zanga zinkayabwa kuti ndinyamule mbaleyo ndione, koma ba Chileshe ankangondiyang'ana ndi diso limodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndi mmene ba Dailesi anatipezera. Anali atauzidwa kale kumsewu kuti kwanu kwafika alendo a ukwati, ndiye anabwera akumwetulira, paketi ya shuga pamutu. Anapeza anthu atazungulira bwalo, kabati ili yasa, mbale zonse poyera, madala awiri atagwadira chitseko chawo.

"Nanga malobolo ya masiku yano bayambira pa kabati?" anafunsa.

Bwalo lonse linafa ndi phwete, ngakhale ba Lungu anagwedezeka mapewa. Nditawafotokozera, akulu anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti ndine chitsiru chamwayi, kenaka anakoleza mbaula.

Ya ku Botswana inachoka yoyamba. Itakwana nthawi ya mkango, ba Chileshe anandipatsa chopanira.

"Unaimata ndiwe. Ichose ndiwe."

Ndinalowetsa nsonga pansi pa ngodya imodzi, pang'onopang'ono, osapuma. Phala linali litasanduka madzi. Sitampu inatsetsereka yokha nkukwera pa chitsulo, yathunthu. Ndinaitsukuluza m'sosala, kuigoneka pa pepala louma, ndipo itachita mbuu abwana anaikweza kudzuwa kuti aone ngati pepala lapyapyala penapake kapena mphemvu zalumako. Anayang'ana nthawi yaitali, nanena kuti ili bwino, ndipo m'mbali mwake monse muli malire oyera monga ogula amafunira. Anaiika pachikhatho cha ba Lungu ili m'kaenvulopu koonekera mkati.

Mdalayo anaiyang'anitsitsa. Za mtengo sanafunse.

"Kansi sananiname," anatero, napukuta m'maso ndi chipewa.

Ndinalira nanenso, ndipo sindichita nazo manyazi. Tinamwa tiyi pabwalo pomwepo, shuga wa pamzere uja masupuni atatu aliyense, ba Dailesi akudandaula kuti chitseko chawo chabooka pakati ngati mkamwa mwa mwana wogweluka dzino. Sitampuyo inapita kunja ndi kalata yolembetsa, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake ba Lungu anatiitana kukadya nkhuku pansi pa malata atsopano.

Lolemba lotsatira ndinapita ku Kamwala ndikuyembekeza kuuzidwa kuti ndibwerere ku nyemba. Ndinapeza patebulo pali mbale zitatu. Yachitatuyo inali ya pulasitiki, yobiriwira, yong'aluka m'mphepete.

"Malamulo ninakupasa ndine, mulandu ni wanga," anatero ba Chileshe. "Iyi ni ya vamene suziba. Ukaona chachilendo, usaweruze. Ika umu, unifunse."

Ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi, ndipo miyezi yoyambirira mbale yobiriwirayo ndiyo inkadzaza msanga kuposa zinzake. Sanandisekepo ngakhale kamodzi. Pambuyo pake ndagwira ntchito zina, ndaphunzitsa atsikana ambiri kusankha katundu, ndipo aliyense ndimamupatsa malo oikapo zimene sakuzidziwa ndisanamupatse lamulo lililonse. Safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kudyetsa phulalo mdala wosalakwa, amene akanapita kumanda akuyesa kuti zaka zake zonse za kukhitchini anamulipira ndi bodza.