Msuweni Wanga pa Nambala Wani

Nyimboyo ndinaimva koyamba ndili mu kombi yochokera ku Dzivarasekwa kupita m'tauni ya Harare. Ndinali nditapanikizika pakati pa mayi wina wa dengu la nthochi ndi bambo wina wonunkha dizilo. Dalaivala anakweza wailesi, gitala inalira, ndipo woyimbayo asanatsegule n'komwe pakamwa, ndinali nditaizindikira kale. Mayi wa nthochi uja anayamba kugwedeza mutu. Ine ndinagwira mpando wakutsogolo mwamphamvu. Woyimbayo anali msuweni wanga. Nyimboyo ndinaipeka ndine.

Agogo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo ife tinabadwira m'komboni ya pa famu. Famuyo itasintha eni ake tinauzidwa kuti tichoke. Amayi anga ndi mchimwene wawo, amalume anga, anapeza zipinda za lendi ku Dzivarasekwa, m'nyumba ziwiri zoyandikana. Amalume anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi pokwerera makombi. Mwana wawo wamkazi ndiye msuweni wangayo, wochepa kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ake anamwalira iye asanayambe kuyenda, choncho msana umene anakulira ndi wanga. Ndinamusambitsa, ndinamuchotsa nsabwe, ndinamenyana ndi ana a ku sukulu amene ankamunena kuti mubhurandaya, dzina lonyoza limene amatitchula ife ochokera ku Malawi.

Titakula tinkayimba atatu: ine, iye, ndi mnzathu wina wa kutchalitchi. Tinkayimba pa maukwati ndi pa zinkhoswe za anthu akwathu, ndipo malipiro athu kawirikawiri anali mpunga ndi nkhuku. Ine ndinkapeka nyimbo ndi kuyimba mawu apansi. Iye ankatsogolera. Sindinganame, mawu anapatsidwa. Akakweza, azimayi ankasiya kutsuka mbale.

Nyimbo imene ndikunenayi ndinaipeka chifukwa cha amayi anga. Ku famu kuja tinasiyako manda a mlongo wanga wamng'ono, amene anamwalira ndi chikuku. Tsiku losamuka, katundu ali kale pa lole, amayi anasowa. Ndinakawapeza kumanda akuzula udzu ndi manja, akuyankhula ndi mwana wawo. Mawu amene ndinawamva tsikulo ndi amene ndinawaika m'nyimbo patapita zaka: ndikusiya mwana wanga, udzu ukamera adzakulambulira ndani? Sitinkaiyimba pa ukwati. Tinkaiyimba pakhomo pokha, ndipo amayi akakhalapo sitinkaimaliza.

Chaka china tinamva za bambo wina wa ku Lochinvar amene ankajambula nyimbo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake. Tinapita atatu, titavala madiresi ofanana amene ndinasoka ine. M'kachipindamo munali matiresi okhomedwa m'makoma ndi fungo la fodya. Tinayimba nyimbo zinayi, yomaliza inali ya amayi ija. Bamboyo anatimvetsera maso ali pa msuweni wanga. Pomaliza anati atiyimbira foni.

Ife awiri sanatiyimbire. Patapita milungu ingapo msuweni wanga anayamba kumachoka m'mawa, ati akuphunzira zoluka tsitsi m'tauni. Ine ndi manja angawa ndinkamusitira bulauzi. Kenako anati wapeza chipinda pafupi ndi ntchito, nasamuka. Miyezi isanu itadutsa, ndi pamene ndinakwera kombi ija.

Nyimbo ya amayi ija anali ataitembenuzira m'Chishona. Manda anawachotsa, mwana anamuchotsa. Inasanduka nyimbo ya mtsikana amene akusiya chibwenzi chake pokwerera basi, akufunsa kuti adzamukonda ndani. Anaikamo ng'oma zamakono zovinira, koma kanyimbo kenikeniko, pokwera ndi potsika pake, sanasinthe ngakhale pang'ono. Ndinatsika kombi ndisanafike kumene ndinkapita, n'kumuyimbira foni msuweni wanga nditaima m'mbali mwa msewu.

"Sisi, mwaimva?" anatero mosangalala, ngati ndamuyimbira kuti ndimuyamikire.

"Ndaimva. Mwana wa amayi wamuika kuti?"

"Sisi, mumvetse. Nyimbo ya maliro, ya Chichewa, angaigule ndani muno mu Harare? Ndimafuna ndikuuzeni zikayenda."

"Nanga dzina langa lili pati?"

"Zimenezo amapanga ndi a situdiyo. Ndili pa ntchito, ndiyimbanso."

Sanayimbenso, ndipo ine sindinamufunefune.

Ine ndimasoka nsalu za masofa ku Glen View, pamsika waukulu wa mipando. Ndili ndi makina anga pansi pa denga la malata, pakati pa akalipentala ndi fumbi la matabwa. Nthawi imeneyo Loweruka lililonse masana wailesi ina inkaulutsa nyimbo makumi awiri zotchuka, kuyambira yapansi kukathera pa nambala wani. Omvera ndiwo ankasankha potumiza uthenga pa foni. Nyimbo ya msuweni wanga inalowa chakumunsi. Mlungu wotsatira inakwera. Winawo inakweranso. Akalipentala oyandikana nane anali akudziwa kuti ndi m'bale wanga, chifukwa ndinkabwera naye ali wamng'ono, ndiye ikangolira ankasiya macheka n'kundikuwira kuti ndidzavine. Ine ndinkaponda makina mwamphamvu kuti phokoso litseke makutu. Tsiku lina ndinathyola singano zitatu.

Amalume anali ngati apenga ndi chimwemwe. Anagula kawailesi kakang'ono n'kukapachika pa msomali wa tebulo lawo la tomato. Aliyense wogula ankauzidwa kuti woyimbayo ndi mwana wawo, ndipo ambiri ankangoseka, poganiza kuti mdalayo akucheza. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, zilembo za pa foni sankaziona. Choncho Lachisanu lililonse ndikaweruka ankandidikira pachipata.

"Mwana wa mlongo wanga, tanditumizira kauthenga kaja. Tumiza kawiri, ndagula eyathaimu yambiri lero."

Ndinkalandira foniyo ndi manja awiri. Ndinkatumiza kawiri monga ananenera, koma ndinkavotera mnyamata wina woyimba zaphokoso amene ankapikisana naye, munthu amene nyimbo zake ndinkadana nazo. Kenako ndinkafufuta uthengawo n'kubweza foni. Amalume ankandithokoza, nthawi zina n'kundininkha tomato. Ndinachita zimenezi milungu yambiri. Ndikudziwa kuti ndinkawabera munthu wosalakwa, ndipo mpaka lero sindinawauze, koma ndikanati ndinene kuti ndinkamva chisoni ndikananama.

Sizinathandize. Loweruka lina nyimboyo inafika pa nambala wani, ndipo inakhalapo mpaka mvula inayamba. Inkalira m'makombi, m'mabala, m'masaluni, pa maukwati omwe aja tinkayimbako ife. Ana a sukulu ankaiyimba podumpha chingwe. Amayi anga anaimva koyamba kwa aneba akuchapa. Anaima ndi sopo m'manja kumvetsera mpaka pakati, kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Madzulo ake anandifunsa funso limodzi lokha.

"Unamupatsa ndiwe?"

"Iyayi, amayi."

"Chabwino." Sanaitchulenso. Koma ikalira pa wailesi ankangoti, "Zimitsa."

Mlungu umene msuweni wanga anafika pamwamba anamuitana ku wailesi kukacheza naye. Tinamvetsera tonse pa tebulo la amalume, pamodzi ndi azimayi ogulitsa masamba. Muulutsi anamufunsa mmene anapekera nyimboyo. Iye anati inamubwerera kutulo atasiyana ndi munthu amene ankamukonda. Kenako muulutsi anamufunsa za kwawo, ati dzina la bambo ake likumveka ngati la kunja. Msuweni wanga anaseka kaseko kake kaja, n'kunena m'Chishona chosalala kuti ayi, iye ndi mwana wa konkuno, kumudzi kwawo ndi chakum'mawa kumapiri, dzinalo ndi la bambo womupeza amene anamulera pang'ono.

Azimayi a masamba aja anayang'ana pansi. Amalume anatenga tomato mmodzi n'kuyamba kumupukuta ndi malaya, kumupukutabe, tomato woyera kale. Patapita nthawi anati, "Ndi za ntchito zimenezo. Amawauza zonena." Mawa lake kawailesi kanali pa msomali pomwe paja.

Chimbale chake choyamba chinagulidwa kwambiri, ndipo analandira mphoto. Tinamuona pa TV atavala diresi lowala ngati mamba a nsomba, akuthokoza Mulungu, a situdiyo ndi omutsatira. Ku Dzivarasekwa sankabwera. Ankatumiza dalaivala ndi matumba a zakudya kwa bambo ake, ndipo thumba limodzi linkakhala la amayi anga. Amayi ankaligawira aneba osalitsegula.

Chimbale chachiwiri chinatuluka patatha zaka ziwiri. Nyimbo zake anamupekera anyamata a ku situdiyo, ndipo zinali ngati chimanga chopanda maso. Imodzi inalowa pa mndandanda wa Loweruka, inakhala mlungu umodzi chakumunsi, n'kugwa. Tsiku limenelo ndinagulira akalipentala anzanga zakumwa zoziziritsa kukhosi, iwo osadziwa chifukwa chake.

Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikudula nsalu, galimoto yoyera inaima pafupi ndi shedi yanga. Msuweni wanga anatsika atavala magalasi akuda ndi nsapato zazitali zimene zinkamira mu utuchi. Anthu anamuzindikira nthawi yomweyo, nayamba kusonkhana. Anandipatsa moni m'Chishona, motsitsa mawu, n'kupempha kuti tikalankhulire m'galimoto.

Ndinayankha m'Chichewa, mokweza kuti amve onse. "Lankhula pompano. Ukufuna chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku. Anayesanso m'Chishona kuti, sisi, chonde.

"Sindikumva. Chilankhulo chimene unayamwa waiwala?"

Kenako chinatuluka Chichewa cha m'komboni chenicheni, chimene ndinamuphunzitsa ndine. "Achemwali, ndinalakwa. Zinthu sizikuyenda. Ndikudziwa muli nazo nyimbo zina. Ulendo uno dzina lanu lilembedwa, ndikulonjeza."

"Nyimbo ndili nazo zambiri," ndinatero. "Ina ndi ya mayi ako, mmene anamwalirira akukuyamwitsa. Imeneyo ukaisandutsa ya chiyani? Ya mowa?"

"Musatero, achemwali."

"Bambo ako akugulitsa tomato pa Dzivarasekwa. Uja unawauza anthu kuti ndi wokupeza. Pita ukawauze anthu awa kuti ndiwe mwana wa ndani."

Analira. Magalasi anawavula, utoto wa m'maso unayenderera m'masaya. Ine mtima wanga sunasungunuke ngakhale pang'ono. Ndinatenga sizasi yanga n'kupitiriza kudula nsalu mpaka galimoto inanyamuka.

Sindinadziwe kuti wina mwa anthu aja ankajambula pa foni. Pofika Lamlungu kanemayo anali paliponse. Anthu anamutukwana, ena chifukwa chokana bambo ake, ena chifukwa chongokhala mubhurandaya. Masiku amenewo ndinkadya bwino ndi kugona bwino. Ndinkati basi, wathera pomwepo.

Anasowa miyezi ingapo. Kenako anatulukira pa TV atavala chitenje ndi duku, atakhala pambali pa amalume pa tebulo lawo la tomato, akulira pamaso pa dziko lonse. Anafotokoza mmene ankamunyozera ku sukulu, mmene mantha anamubisitsira mtundu wake. Za amene ankamumenyera nkhondo ku sukuluko sananene. Chimbale chachitatu anachiyimba theka m'Chichewa, nyimbo zake atatola kwa azimayi achikulire a kutchalitchi kwathu, amene anamupatsa mosangalala. Anthu akwathu m'makomboni onse a Harare anavota ngati ndi chisankho. Anabwereranso pa nambala wani. Manyuzipepala anamutcha wolimba mtima, ndipo anamuitana kukayimba ku Malawi, dziko limene ine sindinalipondepo.

Mnzathu wachitatu uja, amene tsopano ali pabanja ku Glen View komweko, anandipeza pa makina n'kundiuza akuseka, "Iwe ndiye wamukweza kawiri." Kwa mwezi wathunthu sindinamupatse moni.

Amalume amabwerabe kudzandinyengerera. Amati magazi ndi magazi, mwana anapepesa, ndikufunanso chiyani. Ine ndimawayankha mwaulemu kuti anapepesa kwa makamera. Kwa amayi anga sanabwere kudzagwada, ndipo pa chimbale choyamba chija dzina la wopeka likadali lake. Amalume amapukusa mutu n'kumapita. Mwana wawoyo anawamangira nyumba ku malo atsopano a ku Dzivarasekwa, ndipo ndimakondwera nawo pa chimenecho, chifukwa anavutika mokwanira.

Mwezi wathawu dalaivala wa msuweni wanga anabwera ku shedi ndi phukusi. Munali khadi loitanira ku chikondwerero cha zaka khumi za kuyimba kwake, ndi chitenje chatsopano chosindikizidwa nkhope yake, kuti ndikavale tsikulo. Nsaluyo inali yabwino, yolimba, mamita anayi. Tsiku lomwelo ndinali ndi sofa ya anthu atatu yofunika nsalu yotseka kunsi, kuja kumene sikuoneka, koyang'ana pansi. Ndinayeza, ndinadula, mmisiri anaikhomera bwinobwino. Inakwana ndendende, ndipo yotsala ndimapukutira mafuta a makina. Sofayo anagula bambo wina wonenepa wa ku Lochinvar, anainyamula pa lole Lachinayi.