Pulofesa wa pampando wometera

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, sanakwatire, ndipo ntchito yake ndi yometa. Kachipinda kake kali kuseri kwa sitolo ya zitsulo: mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira. Makasitomala amamutcha Pulofesa chifukwa cha mafunso. Munthu akangokhala pampando, iye wayamba. Kwanu mwana amamutcha dzina ndani? Mwamuna akamwalira, nyumba imatsala ndi yani? Ena amayankha. Ena amati, "Meta aise, si khoti lino."

Mayeso a sekondale anabwereza ali wamkulu kale, akuwerenga pomwe benchi ilibe munthu. Atakhoza, anapempha malo kuyunivesite kuti akaphunzire za chikhalidwe cha anthu, zija amati antholopoloje. Anamutenga, n'kumuuza tsiku lokayamba.

Koma kunyumba kuli bambo ake. Chidwalireni sitiroko, mbali imodzi sigwira. Amafunika kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Amayi anamwalira kale. Wometayo ndiye amagona nawo chipinda chimodzi, ndipo ndiye amadziwa powagwira kuti phewa lisapweteke. Yunivesite ili kutali, si yopita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Anaitanitsa abale ake awiri: achimwene, oyendetsa lole, ndi achemwali, aphunzitsi. Anakhala pabalaza, bambo ali pampando wawo pafupi ndi zenera.

"Wachita bwino, mng'ono wanga," anatero achimwene. "Nafe tikhale ndi wa digiri. Koma kwenikweni ukukaphunzira chiyani?"

"M'mene anthu amakhalira. Ubale, maukwati, amene amasamala wodwala pabanja. Chaka china umakakhala pakati pa anthu, kumaona, kumafunsa."

Achemwali anaomba m'manja. "Ndiye ukavutikirenji kutali? Ife si anthu?"

Onse anaseka, ngakhale bambo, ndi mbali ya pakamwa yomwe imagwira.

"Ndikapita, bambo atsala ndi ndani?" anafunsa wometayo.

Achimwene anati akanawatenga, koma iwo amakhalira pamsewu. Achemwali anati nyumba yawo ili ndi masitepe, "komanso alamu ako ukuwadziwa." Anagwirizana zopeza munthu wantchito. Potuluka, aliyense anamugwira chanza n'kumuuza kuti asabwerere m'mbuyo.

Munthu anapezeka, mwamuna wina wamphamvu zake amene anagwirapo ntchito kuchipatala. Sanali woipa. Koma tsiku loyamba anawadzutsa powakoka mkono wakufa uja, ndipo bambo anakuwa mpaka anansi anatuluka. Kuyambira pamenepo ankati akamuona, n'kutseka pakamwa. Osadya, osamwa mankhwala, mpaka mwana wawo atabwera kuchokera kometa. Sabata isanathe munthu uja anatsanzika yekha.

Wometayo anali atagula kale chikwama chachikulu cha ulendo. Anaimbira achimwene, anali kumalire akudikira katundu. Anaimbira achemwali, anati ali ndi mayeso a ana, aimbanso.

Tsiku lonyamuka litayandikira, anakhala akuwameta bambo ndevu pakhonde. Bambo samatha kulankhula bwino, mawu amatuluka amodziamodzi.

"Pita," anatero.

"Ndipita, bambo."

"Pita... sukulu."

"Ndamva. Tsekani pakamwa, ndingakuchekeni."

Sanapite. Anapempha akuyunivesite kuti amusungire malo, ndipo anavomera kumusungira chaka chimodzi, osapitirira.

Anabwerera kumpando wake. Mabuku awiri omwe anagula okonzekera ali pashelefu, pansi pa botolo la sipiliti. Mafunso aja anachepa. Kasitomala wina wakale anamufunsa posachedwapa, "Pulofesa, za sukulu zili pati?"

"Weramani pang'ono, achikulire," anayankha, n'kuyatsa mashini.

Chaka chija chikutha mwezi uno. Achimwene ali paulendo. Achemwali sanaimbebe. M'chikwama muja amasungiramo matewera a bambo.